Kodi mumadziwa? Amene anapanga gemu yanu si amene ali pachikuto

Kodi mumadziwa kuti dzina limene limaoneka kwambiri pachikuto cha gemu kawirikawiri silikhala la anthu amene anaipanga? Tengani bokosi la Grand Theft Auto V, mulitembenuze, muwerenge timalemba tating'onoting'ono ta m'munsi tija ambiri sativutikira. Amene anatsogolera ntchito yojambula misewu ya Los Santos ndi kulemba mapulogalamu ake ndi a Rockstar North, ku Edinburgh m'dziko la Scotland. Amene anaitulutsa pamsika mu 2013 ndi a Rockstar Games a ku New York. Onsewa mwini wawo ndi Take-Two Interactive. Ndiye pamwamba penipeni pali chizindikiro cha PlayStation kapena Xbox, kusonyeza kuti Sony kapena Microsoft nayo imadyapo pa disiki iliyonse yogulidwa.

Ntchito zilipo zitatu. Pali wopanga gemu, pali wofalitsa amene amaika ndalama, kutsatsa ndi kugulitsa, ndiye pali mwini makina osewererawo. Mayina onse amene anthu a malondawa amatchula, first-party, second-party, third-party ndi indie, amangonena za ubale umene wopanga ali nawo ndi awiri enawo. Ubale umenewu ndi umene umalamula kuti gemu ipezeka pa makina ati, ndani alandire ndalama, ndiponso ndani akhale mwini wake mpaka kalekale.

Kodi mumadziwa chifukwa chake Mario sapezeka pa PlayStation? Ndi gemu ya first-party: mwini makina ndiyenso mwini situdiyo imene imaipanga. Nintendo imapanga Mario ndi Zelda m'nyumba mwake momwe ku Japan. God of War imachokera ku Santa Monica Studio, Gran Turismo ku Polyphony Digital, ndipo masitudiyo awiriwa ndi a Sony. Ntchito yaikulu ya magemu otere ndi kugulitsa makina. Munthu akafunitsitsa God of War amayamba wagula PlayStation, ndipo akagula, gemu ina iliyonse imene adzagule pa makinawo idzasiyako kangachepe kwa Sony.

Kodi mumadziwa kuti kampani yoyamba ya third-party inabadwa chifukwa cha mkwiyo? M'zaka za m'ma 1970, magemu onse a makina a Atari ankapangidwa ndi Atari yokha, ndipo kampaniyo sinkalola kuti dzina la wopanga lioneke paliponse. Anyamata ankalandira malipiro a pamwezi basi, ngakhale gemu yawo ibweretse mamiliyoni. Mmodzi wa iwo, Warren Robinett, zinamuwawa mpaka anabisa kachipinda mkati mwa gemu ya Adventure, imene inatuluka mu 1980. Wosewera akatola kadontho kosaoneka bwino n'kudutsa nako pakhoma lina, ankapeza dzina la Robinett likuthwanima. Mabwana anadziwa za kachipindako makatiriji ali kale m'nyumba za anthu.

Anzake anayi, David Crane, Alan Miller, Bob Whitehead ndi Larry Kaplan, anasankha njira ina. Ataona kuti magemu awo ndi amene ankabweretsa gawo lalikulu la ndalama za makatiriji, anapita kwa mkulu wa kampaniyo, Ray Kassar, kukapempha kuti azitchulidwa mayina ndiponso azilandirako gawo la phindu. Anabwerako chimanjamanja. Mu 1979 anatuluka, ndipo pamodzi ndi Jim Levy anayambitsa Activision, kampani yopanga magemu a makina amene si ake. Atari inawatengera kukhoti, koma mu 1982 mlandu unatha ndi mgwirizano: Activision ipitirize ntchito, izipereka gawo kwa Atari. Dongosolo limenelo ndi lomwe likugwirabe ntchito lero. Chimene chimandisangalatsa ine pa nkhaniyi n'chakuti Activision inkasindikiza dzina ndi chithunzi cha wopanga m'kabuku ka gemu iliyonse. Pitfall! ya David Crane inagulidwa makope oposa 4 miliyoni, ndipo ana ankadziwa nkhope ya munthu amene anawapangira.

Chitseko chitatseguka, aliyense analowa. Ngakhale kampani ya chakudya cha agalu ya Purina inali ndi gemu yake yotsatsira malonda. Masitolo anadzaza ndi magemu osalongosoka, ogula anagwa ulesi, ndipo mu 1983 msika wa ku America unagwa chagada. Atari nayo inali ndi mlandu wake: makatiriji ake osagulidwa, kuphatikizapo a E.T., anakakwiriridwa kudzala ku Alamogordo, New Mexico. Ambiri ankayesa nthano, mpaka anthu anakakumba mu 2014 n'kuwapeza.

Kodi mumadziwa kuti Nintendo inkawerengera makampani ena magemu oti atulutse? Itabweretsa makina ake a NES ku America mu 1985, inaikamo kachipangizo kotchedwa 10NES kamene kankakana katiriji iliyonse yopanda chilolezo. Kampani ya third-party inkaloledwa magemu asanu okha pachaka, inkagula makatiriji kwa Nintendo yomweyo, ndipo gemuyo sinkayenera kuoneka pa makina a kampani ina kwa zaka ziwiri. Konami inaona kuti asanu achepa, ndiye mu 1988 inatsegula kampani ina ya dzina lakuti Ultra Games kuti ipeze asanu ena. Metal Gear inafika ku America kudzera pakhomo limenelo.

Kodi mumadziwa kuti second-party si dzina lolembedwa m'malamulo alionse? Ndi atolankhani ndi osewera amene amalikonda, ponena za situdiyo yoima payokha imene imapangira mwini makina mmodzi, kaya chifukwa cha mgwirizano kapena chifukwa mwini makinayo ali ndi masheya ena m'menemo. Chitsanzo chotchuka ndi Rare, ya abale awiri Tim ndi Chris Stamper, imene inakhazikika m'mudzi wa Twycross ku England. Nintendo inafika pokhala ndi 49 peresenti ya kampaniyi, ndipo Rare inaipangira Donkey Kong Country mu 1994, GoldenEye 007 mu 1997 ndi Banjo-Kazooie mu 1998. Koma theka losakwanira si umwini. Mu 2002 Microsoft inagula Rare yonse pa $375 miliyoni. Pogawana katundu, Donkey Kong anatsala kwa Nintendo poti anali wake kuyambira kale, pamene Banjo ndi Kazooie anasamukira ku Xbox.

Pokémon nayo ambiri amaiyesa ya Nintendo yokha. Magemu ake akuluakulu amapangidwa ndi Game Freak, kampani yoima payokha imene Satoshi Tajiri anaiyamba ngati kamagazini ka magemu. Umwini wa Pokémon ndi wa atatu: Nintendo, Game Freak ndi Creatures, kudzera mu The Pokémon Company. Kusadziwa zimenezi kunawalowetsa m'madzi anthu a ndalama zawo. Pokémon Go itatuluka mu July 2016, anthu anathamangira kugula masheya a Nintendo mpaka mtengo wake unakwera kuwirikiza kawiri. Nintendo itafotokoza poyera kuti gemuyo ndi ya kampani ya ku America ya Niantic ndipo phindu lobwera kwa iyo silikhala lalikulu, masheyawo anatsika ndi pafupifupi 18 peresenti tsiku limodzi.

Kodi mumadziwa kuti Crash Bandicoot, amene ambiri anakula akumuona ngati nkhope ya PlayStation, lero ndi wa Microsoft? Anamupanga a Naughty Dog mu 1996, anamufalitsa a Sony, koma umwini unali wa Universal Interactive, imene Naughty Dog inasainirana nayo poyamba. Sony itagula Naughty Dog mu 2001, inagula anthu ndi luso lawo, Crash anatsala. Makampani atagulanagulana, anakathera ku Activision, ndipo Activision inagulidwa ndi Microsoft. Spyro, kachinjoka kamene a Insomniac Games anapanga mu 1998, anayenda ulendo womwewo. Amene anajambula zilombo ziwirizi sangapange gemu ina ya izo popanda chilolezo cha eni ake atsopano.

Apa ndi pamene pali nkhani yeniyeni, ndipo wodziwa moyo wa matenanti a fodya aimva msanga. Mwini esiteti amapereka chakudya, feteleza ndi mbewu pa ngongole, tenanti n'kulima chaka chonse, ndipo fodya akagulitsidwa bwana amayamba wachotsa zake zonse, chotsala ndiye cha mlimi. Wofalitsa gemu amachitanso chimodzimodzi. Amapereka ndalama pang'onopang'ono, situdiyo ikamaliza gawo lililonse limene anagwirizana, ndipo gawolo akalikana ndalama sizituluka, antchito n'kumadikira malipiro. Gemu ikayamba kugulidwa, wofalitsa amabweza kaye zimene analowetsa. Situdiyo imayamba kulandira gawo lake ngongoleyo ikatha, ndipo magemu ambiri safika pamenepo. Kuwonjezera apo, m'migwirizano yambiri dzina la gemu ndi anthu a m'nkhani yake zimakhala za wofalitsa. Wofalitsa naye ali ndi mbali yake: gemu ikalephera, mamiliyoni otayikawo ndi ake. Komabe sindiona chilungamo pamene anthu akhetsa thukuta zaka zitatu kapena zinayi n'kutsala opanda kanthu kotchedwa kawo.

A Obsidian Entertainment anazilawa. Anapangira Bethesda gemu ya Fallout: New Vegas mu 2010, ndipo mgwirizano unali wakuti alandira bonasi ngati gemuyo ipeze mapointi 85 pa Metacritic, tsamba limene limaphatikiza ziweruzo za atolankhani. Inapeza 84. Pointi imodzi yokha, bonasi inapita, ngakhale gemuyo inagulidwa kwambiri ndipo mpaka lero anthu amaitamanda. Mmodzi wa akuluakulu a situdiyoyo pa nthawiyo, Chris Avellone, ndi amene anaulula zimenezi mu 2012. Patapita zaka, Microsoft inagula Obsidian mu 2018, kenako kampani ya ZeniMax, mwini wa Bethesda, mu 2021 pa $7.5 biliyoni, moti awiriwa tsopano ali pansi pa bwana mmodzi.

Kodi mumadziwa kuti situdiyo imodzi inadutsa pafupifupi m'magulu onsewa? Bungie inayamba payokha, Microsoft inaigula mu 2000, ndipo Halo ya 2001 ndi imene inaimiritsa Xbox yoyamba. Mu 2007 Bungie inapatsidwa ufulu wake, koma Halo inatsala. Inapanga Destiny mu 2014 mothandizidwa ndi Activision, n'kusiyana nayo mu 2019, ulendo uno itanyamula gemu yake. Mu 2022 Sony inaigula pa $3.6 biliyoni.

Insomniac inapangira Sony magemu kwa zaka zoposa 20 isanagulidwe. Pakatipo inapangirako Xbox One gemu ya Sunset Overdrive mu 2014. Spider-Man wa 2018 atachita bwino, Sony sinafunenso kuchedwa: inagula situdiyoyo mu 2019 pa $229 miliyoni.

Kodi mumadziwa kuti Sega inali ndi makina ake? Mega Drive inalimbana ndi Nintendo koopsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo Sonic anapangidwa dala kuti apikisane ndi Mario. Makina ake a Dreamcast atalephera pamsika, Sega inasiya kupanga makina mu 2001 n'kukhala third-party. Chaka chisanathe Sonic anali pa makina a Nintendo, ndipo mu 2007 iye ndi Mario anaonekera m'gemu imodzi ya masewera a Olimpiki.

Masiku ano malire asokonekera kwambiri. Microsoft inagula Mojang, eni Minecraft, mu 2014 pa $2.5 biliyoni, koma Minecraft ikugulitsidwabe pa PlayStation ndi pa Nintendo. Pogula Activision Blizzard pa $68.7 biliyoni, malonda amene anatsirizika mu October 2023 mabungwe oona za mpikisano wa malonda ku America, Britain ndi Ulaya atawaunika kwa nthawi yaitali, Microsoft inasainira kuti Call of Duty ikhalabe pa PlayStation kwa zaka 10. Sony nayo ili ndi yake: gemu ya baseball ya MLB The Show imapangidwa ndi situdiyo ya Sony ku San Diego, koma kuyambira mu 2021 ili pa Xbox, chifukwa eni ligiyo anafuna kuti ifike kwa anthu ambiri. Gemu imodzi imatha kukhala first-party pa makina awa, third-party pa makina awo.

Kugulidwa ndi kampani yolemera sikutanthauza kuti mavuto atha. Tango Gameworks ya ku Tokyo, imene inali ya Microsoft, inatulutsa Hi-Fi Rush mu January 2023, anthu anaikonda, inalandira mphoto, koma mu May 2024 Microsoft inalengeza kuti ikutseka situdiyoyo. Inapulumuka chifukwa kampani ya ku South Korea ya Krafton inaitenga patapita miyezi itatu.

Kodi mumadziwa chifukwa chake FIFA inasintha dzina? M'timashopu ta magemu ku Ndirande, Kawale kapena Chibavi, kumene anyamata amalipira kuti agwire padi kwa mphindi zingapo, ambiri amangonenabe kuti tiyeni timenye FIFA. Koma pa magemu a mpira pali mwini wina wachinayi, mwini dzina. Electronic Arts, imene imapanga gemuyi makamaka ku Canada ndi ku Romania, inkalipira bungwe la FIFA kuyambira mu 1993 kuti izigwiritsa ntchito dzinalo. Atalephera kumvana, FIFA 23 inakhala yomaliza, ndipo mu 2023 kunabwera EA Sports FC 24. Osewera ndi matimu sanachoke, popeza ziphaso zawo EA inazitenga padera, kwa bungwe la osewera la FIFPRO, kwa Premier League ndi maligi ena. Amene anasewerapo Pro Evolution Soccer ya Konami akukumbukira Man Red ndi Merseyside Red, mayina opeka chifukwa chosowa chiphaso. Mu 2019 zinatembenuka: Konami inasainirana ndi Juventus, ndipo mu FIFA 20 timu ya Cristiano Ronaldo inatchedwa Piemonte Calcio.

Pa foni zinthu ndi zomwezo. Call of Duty Mobile imafalitsidwa ndi Activision koma inapangidwa ndi TiMi, situdiyo ya kampani ya ku China ya Tencent. Candy Crush ndi ya King, imene Activision inagula mu 2016 pa $5.9 biliyoni, ndiye amayi amene amaphwanya maswiti m'minibasi akusewera gemu ya Microsoft. Subway Surfers inachokera ku masitudiyo awiri a ku Denmark, SYBO ndi Kiloo, mu 2012. Dream League Soccer ndiyo yosiyana: a First Touch Games a ku Oxford amapanga okha, amafalitsa okha.

Kodi mumadziwa kuti pali kampani imene yagwira ntchito pa magemu oposa 1,000 koma dzina lake silidziwika kwa osewera? Tose ya ku Kyoto, imene inakhazikitsidwa mu 1979, imapangira makampani ena mwakachetechete, ndipo kawirikawiri siilembedwa n'komwe pa mndandanda wa opanga. Kumeneko n'kufuna kwawo, ndiwo malonda awo. Alexey Pajitnov sikunali kufuna kwake. Anapanga Tetris ku Moscow m'zaka za m'ma 1980 akugwira ntchito ya boma la Soviet Union, ndiye umwini unapita ku boma. Gemuyo inagulitsa makina a Game Boy padziko lonse kuyambira mu 1989, makampani akukanganirana ziphaso zake, mwini nzeru asakulandira gawo lililonse. Anayamba kulandira mu 1996, atakhazikitsa The Tetris Company pamodzi ndi Henk Rogers.

Nanga indie? Poyamba ankatanthauza munthu kapena kagulu kochepa kopanda bwana. Eric Barone anapanga Stardew Valley yekha kwa zaka zoposa zinayi, zithunzi, nyimbo, nkhani ndi mapulogalamu, n'kuitulutsa mu 2016. Ngakhale iye anayamba ndi wofalitsa, kampani ya ku London ya Chucklefish, asanayambe kudzigulitsira yekha. Mkangano unabuka mu 2023 pamene Dave the Diver inaikidwa m'gulu la magemu a indie pa mphoto za The Game Awards. Ndi gemu yokoma, yooneka ngati ya kagulu kochepa, koma situdiyo yake, Mintrocket, ndi ya Nexon, kampani yaikulu kwambiri. Ine ndili kumbali ya amene anadandaula. Maonekedwe a gemu sangapose funso lakuti ndani ankalipira antchito mwezi ukatha.

Wopanda wofalitsa naye sadya yekha. Sitolo ya pa intaneti ya Steam imatenga 30 peresenti pa gemu iliyonse, n'kumatsitsa kufika pa 25 ndi 20 gemu ikadutsa $10 miliyoni ndi $50 miliyoni, kutanthauza kuti wamng'ono ndiye amalipira gawo lalikulu. Epic Games Store inabwera mu 2018 ndi 12 peresenti. Apple ndi Google anatsitsa gawo lawo kufika pa 15 peresenti kwa opanga ang'onoang'ono mu 2021.

Kodi mumadziwa kuti magemu ena opangidwa mu Africa muno anafika kutali, koma ofalitsa ake ndi akunja? Broforce ya 2015 inapangidwa ndi Free Lives ku Cape Town, n'kufalitsidwa ndi Devolver Digital ya ku Texas. Aurion: Legacy of the Kori-Odan ya 2016 inachokera ku Kiro'o Games ya Olivier Madiba ku Yaoundé, Cameroon, ndipo inadzera ku kampani ya ku France ya Plug In Digital. Semblance ya a Nyamakop a ku Johannesburg inafika pa Nintendo Switch mu 2018 kudzera ku Good Shepherd Entertainment. Luso lilipo, ndipo palibe cholakwika kugwira ntchito ndi wofalitsa wakunja, bola wopanga awerenge bwino ndime yonena za umwini asanasaine. Chimene chakhala chikusowa ndi wofalitsa wodziwa msika wa kuno, kumene ambiri amasewera pa foni, amawerengera bando ya intaneti, ndipo alibe khadi la kubanki logulira zinthu kunja. Carry1st, imene inayamba mu 2018 ndipo likulu lake lili ku Cape Town, inaona mpata umenewo: imafalitsa magemu a pa foni ndipo inakonza njira yoti anthu azilipira ndi ndalama za pa foni m'mayiko angapo a mu Africa. Mu January 2024, thumba la Sony lothandiza makampani atsopano a mu Africa linaika ndalama zake zoyamba mu kampani imeneyi.